Kanyama kamene adokotala amadula kamapita kuti?

Tidali pamchenga ku Usisya, katundu ali pansi, maso ali kunyanja kudikira Ilala. Azakhali anga ankabwerera kuchipatala chachikulu kukamva zotsatira, ine ndikuwaperekeza. Masabata angapo m'mbuyomo anamwino adawapima n'kuona bala lokayikitsa pakhomo la chiberekero. Atawatumiza kutsogolo, adokotala adawadula kanyama kakang'ono ngati njere ya mpunga kuti akakaunike.

Sitima itachedwa, azakhali adandikoka chitenje.

"Iwe mwana wanga, poti umaphunzitsa sayansi, tandiuza zoona. Kanyama kanga kaja adapita nako kuti? Amayi ena kudooko akuti amakatumiza kwa azungu, amakaika m'botolo n'kumakadyetsa mpaka kamakula. Nanga munthu ungachire bwanji nyama yako ikuwetedwa kwina?"

Sindidaseke. Ndikudziwa amayi awiri m'dera lathu amene adakana kudulidwa kanyama koteroko poopa zomwezi, nabwerera kumudzi kukamwa zitsamba. Tonse tikukumbukiranso za m'chaka cha 2017, pamene mphekesera ya anamapopa idawanda ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa n'kuphedwa, ogwira ntchito zaumoyo n'kumaopa kulowa m'midzi. Anthu akamatengedwa magazi kapena nyama popanda kuwafotokozera, mayankho amadzipezera okha.

Chinanso n'chakuti zimene amayi a kudooko aja adamva zili ndi mbali yoona. Alipodi maselo a khansa ya anthu amene amawetedwa m'mabotolo, ndipo ena mwa iwo adachokera kwa ana a kuno ku Africa. Ndiye ndati ndilembe zimene ndidawayankha azakhali, ndi zina zimene nthawi idandichepera kuwauza.

Ulendo wa kanyama ka azakhali

Thupi la munthu lidamangidwa ndi tizigawo tamoyo tosaoneka ndi maso totchedwa maselo, monga momwe nyumba imamangidwira ndi njerwa. Adokotala akafuna kutsimikiza ngati chotupa chili khansa, sangadalire maso kapena kukhudza kokha. Ayenera kuona maselowo pa maikulosikopu.

Kanyama kakangodulidwa amakaponya m'kabotolo ka mankhwala otchedwa fomalini. Mankhwalawa amapha maselo onse n'kuwaumitsa kuti asawole. Ku labotale amakaumba m'phula longa la kandulo, n'kukadula m'timagawo topyapyala kuposa tsitsi, n'kutipaka utoto pagalasi. Dokotala wodziwa za maselo amayang'ana n'kulemba zimene waona. M'dziko muno ntchitoyi imachitika m'malo monga chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Madokotala a ntchitoyi ndi ochepa pomwe tinyama tochokera m'maboma onse ndi tambiri, n'chifukwa chake zotsatira zimatenga nthawi.

Choncho kanyama ka azakhali kadafa tsiku lomwe kadadulidwa. Palibe katswiri padziko lapansi amene angadzutse selo lomwe lalowa m'fomalini. Kuweta maselo amoyo ndi ntchito ina, ya ofufuza, ndipo ili ndi mbiri yake.

Mayi wolima fodya wa ku America

Maselo abwinobwino a munthu akaikidwa m'botolo amagawikana kwa kanthawi kenako n'kuleka. M'chaka cha 1961, Leonard Hayflick adasonyeza kuti amagawikana maulendo a pakati pa 40 ndi 60, akatero amakalamba. Maselo a khansa ena alibe malire amenewa. Chomwe chimawachititsa kukhala oopsa m'thupi, kusadziwa kuleka, ndi chomwechonso chimawachititsa kukhala othandiza kwa ofufuza.

Oyamba kukula mosalekeza adachokera kwa mayi wachikuda dzina lake Henrietta Lacks, yemwe adakulira m'banja lolima fodya ku Virginia. Kumayambiriro kwa 1951 adapita kuchipatala cha Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore akudandaula kutaya magazi, ndipo adamupeza ndi khansa ya khomo la chiberekero, yomweyi ikutha amayi kuno kwathu. Pomupatsa chithandizo, madokotala adadula kachigawo ka chotupacho osamuuza n'kukapereka kwa George Gey, yemwe adakhala zaka zambiri akuyesa kuweta maselo a anthu koma ankangofa. A mayiyu sadafe. Tsiku lililonse chiwerengero chawo chinkawirikiza kawiri. Adawatcha HeLa, potenga zilembo ziwiri zoyamba za mayina ake.

Henrietta Lacks adamwalira pa 4 October 1951 ali ndi zaka 31, kusiya ana asanu. Chaka chomwecho ndi chomwe Ilala idayamba kuyenda panyanja yathuyi. Monga sitimayi ikadali paulendo, maselo a mayiyu akadagawikanabe lero m'malabotale a m'maiko ambirimbiri.

Apa mpofunika kumvetsa bwino, chifukwa ndi pomwe padagona mantha a azakhali. Maselo a m'botolo si munthu. Alibe ubongo, samva ululu, sangasanduke mwana, ndipo palibe chingwe chowalumikiza ndi thupi lomwe adachokerako. Ife a kunyanja tikudziwa za chinangwa. Timadula kamtengo n'kukabzala, kamera, chaka chamawa tidulakonso. Mbewu imodzi imayenda midzi yonse kwa zaka makumi, mtengo woyamba uja utazulidwa kalekale, ndipo zochitikira munda wa mnzako sizikhudza munda wako.

Mmene amawawetera

Ntchitoyi imafanana ndi kusamala nazale, kungoti mbande zake n'zosaoneka ndipo sizichedwa kufa.

Maselo amakhala m'mabotolo apulasitiki aphanthiphanthi ogonekedwa chammbali. Ambiri, monga a HeLa, amamatirira pansi pa botolo n'kumayala ngati mphasa. Pamwamba pawo amathirapo madzi a chakudya, momwe muli shuga, mchere wamitundumitundu, mavitamini ndi tizigawo tomangira mapuloteni. Nthawi zambiri amawonjezamo madzi a m'magazi a ana a ng'ombe osabadwa, pafupifupi magawo 10 pa 100 aliwonse, chifukwa muli zinthu zolimbikitsa maselo kukula. Madzi amenewa ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo amayenda ali oundana kuchokera kumaiko akunja.

Botolo limaikidwa m'bokosi lotenthetsa lofanana ndi makina oswetsera mazira. M'katimo kutentha kumakhala madigiri 37, kofanana ndi thupi la munthu, usana ndi usiku. Mumakhalanso chinyezi, komanso mpweya wa carbon dioxide wokwana magawo 5 pa 100, umene umathandiza kuti madzi a chakudya aja asasase.

Madziwo amaoneka ofiirira chifukwa cha utoto umene amauikamo dala. Maselo akadya shuga n'kutulutsa zoipa, madzi amayamba kusasa ndipo utoto uja umasanduka wachikasu. Woweta akaona choncho amadziwa kuti nthawi yosintha yakwana. Kawirikawiri amasintha pakapita masiku awiri kapena atatu. Maselo sadziwa Lamlungu kapena Khirisimasi, ndiye wina amayenera kubwera ndithu.

Akachulukana mpaka kutsala pang'ono kudzaza pansi pa botolo, amayamba kulimbirana chakudya ndi malo. Apa woweta amapatulira. Amachotsa madzi akale, n'kuthira mankhwala otchedwa trypsin amene amamatula maselo papulasitiki m'mphindi zochepa. Kenako amawawerenga pa maikulosikopu, n'kutenga gawo laling'ono kukawokera m'botolo latsopano. Otsalawo amagwiritsa ntchito pa kafukufuku, kapena amawapha ndi mankhwala ophera tizilombo n'kuwataya. Tsiku ndi nambala ya kupatulira kulikonse zimalembedwa pabotolo ndi m'kaundula, chifukwa maselo akapatulidwa maulendo ambirimbiri amayamba kusintha khalidwe.

Mdani wamkulu ndi dothi losaoneka. Madzi a shuga ofunda ndi phwando kwa mabakiteriya ndi nkhungu, ndipo bakiteriya amaswana msanga kuposa selo la munthu. Likalowa limodzi madzulo, mmawa botolo lonse lachita mbuu, ntchito ya miyezi yapita. N'chifukwa chake botolo limatsegulidwa m'kabati yapadera yokha, momwe mumawomba mpweya wosefedwa. Woweta amavala magolovesi ndi chovala cha mu labotale, ndipo chilichonse cholowa m'kabatimo amachipukuta ndi sipiriti. Palinso kachilombo kena kotchedwa mycoplasma, kamene sikadetsa madzi ndipo sikaoneka pa maikulosikopu wamba, koma kamasokoneza maselo mwakachetechete. Ofufuza osamala amapima maselo awo pafupipafupi kuti akapeze.

Mdani wina ndi kusakanikirana kwa mbewu. M'chaka cha 1966, Stanley Gartler adadabwitsa akatswiri anzake powauza kuti mitundu pafupifupi 20 ya maselo imene ankati ndi ya ziwalo zosiyanasiyana za anthu osiyanasiyana, yonse idali HeLa. Selo limodzi la HeLa likagwera m'botolo lina, limakula mwamphamvu mpaka kutha eni ake, ngati kaufiti m'munda wa chimanga. Anthu adalemba zotsatira za kafukufuku wa chiwindi kapena wa m'matumbo asakudziwa kuti akuyang'ana khansa ya khomo la chiberekero. Lero amapima DNA ya maselo kuti atsimikize mwini wake, ndipo lamulo la mu labotale n'lakuti usatsegule mitundu iwiri nthawi imodzi.

Mlimi wanzeru sadya mbewu yonse, ndipo woweta maselo naye ali ndi nkhokwe yake. Amatenga maselo athanzi, n'kuwasakaniza ndi mankhwala otchedwa DMSO amene amaletsa madzi oundana kuwabaya, n'kuwaika m'timabotolo tochepa ngati chala chakaniso. Amawaziziritsa pang'onopang'ono, digiri imodzi pa mphindi, kenako n'kuwasunga m'thanki ya nayitrojeni wamadzi, wozizira madigiri 196 kunsi kwa ziro. Ndi thanki yofanana ndi yomwe alangizi a ziweto amasungiramo umuna wa ng'ombe zamkaka. M'menemo maselo amagona zaka makumi. Akafunika, amasungunula kabotolo mwachangu m'madzi ofunda, ndipo pakapita masiku ochepa ayambiranso kugawikana.

Zonsezi zimadalira magetsi osazima. Bokosi lotenthetsa likazizira nthawi yaitali maselo amavutika, firiji ikasungunuka mankhwala odula aja awonongeka, ndipo nayitrojeni akauma m'thanki nkhokwe yonse yafa. Labotale ya mtunduwu m'dziko lathu la kuzimazima kwa magetsi imayenera kukhala ndi jenereta, mafuta ake, ndi munthu wodzuka usiku.

Chotupa cha ana a m'mbali mwa nyanja

Mbiri ya maselo owetedwa ikutikhudza ife a kunyanja kuposa momwe ambiri timadziwira. M'chaka cha 1957, dokotala wa maopaleshoni Denis Burkitt, wochokera ku Ireland, adaona mwana wotupa nsagwada pachipatala cha Mulago ku Kampala, Uganda. Posakhalitsa adaonanso wina. M'chaka cha 1958 adalemba za khansa ya ana imeneyi, yomwe lero imadziwika ndi dzina lake, Burkitt lymphoma.

Pofuna kudziwa madera omwe imapezeka, mu October 1961 iye ndi madokotala anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, adanyamuka pagalimoto yakale ulendo wa masabata khumi, wa mamailosi pafupifupi 10,000, kuyendera zipatala zoposa 50 mpaka ku Johannesburg n'kubwerera. Adadutsanso m'dziko lino, pa nthawiyo likutchedwa Nyasaland. Adapeza kuti chotupachi chimakonda madera otsika, otentha ndi achinyezi, monga m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa za mitsinje, pomwe kumapiri ozizira chidali chosowa. Pambuyo pake zidadziwika kuti mapu a chotupachi akufanana ndi mapu a malungo.

Chaka chomwecho cha 1961, Burkitt adakayankhula pachipatala cha Middlesex ku London. M'gulu la omvera mudali Anthony Epstein, yemwe adaganiza kuti khansa yotsatira nyengo chotere iyenera kukhala ndi kachilombo koyambitsa. Adagwirizana kuti tizigawo ta zotupa tizitumizidwa pandege kuchokera ku Kampala. Kwa zaka zoposa ziwiri sadapeze kanthu. Mu December 1963, ndege idapatutsidwa kukatera ku Manchester chifukwa cha chifunga, ndipo kanyama kochokera m'nsagwada ya mtsikana wa zaka 9 kadafika mochedwa, madzi ake atachita mbuu. Aliyense akadati kawola. Epstein atayang'ana pa maikulosikopu adapeza kuti mbuuyo adali maselo amoyo amene adagwedezeka paulendo n'kumayandama.

Pamenepo adazindikira kuti maselo amenewa safuna kumatirira papulasitiki, amakula akuyandama m'madzi. Yvonne Barr adawaweta motero ndipo adakula. Mothandizana ndi Bert Achong wa ku Trinidad, adaona m'maselomo kachilombo kosadziwika, ndipo adalengeza mu 1964. Kameneka ndi kachilombo ka Epstein-Barr, koyamba kupezeka kuti kamakhudzana ndi khansa ya anthu. Pafupifupi munthu wamkulu aliyense ali nako, kamayenda m'malovu ndipo mwa ambiri sikachita kanthu. Koma mwana amene wakatenga ali wamng'ono, n'kumadwalanso malungo mobwerezabwereza, ali pachiopsezo chachikulu cha chotupachi.

Mitundu ina ya maselo idatsatira. Raji adachokera kwa mnyamata wa zaka 11 wa ku Nigeria mu 1963. Daudi adachokera kwa mnyamata wa zaka 16 mu 1967. Ofufuza amawagwiritsabe ntchito poyesa mankhwala atsopano a khansa ya m'magazi ndi ya mwanabere. Maselo ena otchedwa Namalwa, a chotupa chomwechi, kampani ya Wellcome idawaweta m'mathanki akuluakulu n'kupangira mankhwala a interferon. Ku Johannesburg, m'zaka za m'ma 1970, Jennifer Alexander adaweta maselo a khansa ya chiwindi ochokera kwa mnyamata wa ku Mozambique, amene adathandiza pa kafukufuku wa kachilombo ka hepatitis B.

Kwa makolo a ku Usisya, Ruarwe, Chintheche ndi Kande, phunziro lake ndi lapafupi. Chotupa cha Burkitt ndi chimodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa ana m'Malawi, ndipo chimakula msanga kuposa khansa ina iliyonse, mwina kuwirikiza kawiri m'masiku awiri okha. Mwana akatupa nsagwada mano n'kumagwedera, diso likatuluka, mimba ikafufuma, kapena miyendo ikafooka mwadzidzidzi, musadikire ulendo wa Ilala wa sabata yamawa ngati pali boti kapena galimoto yokwera ku Mzuzu. Chotupachi chimamva mankhwala. Pa Queen Elizabeth, pomwe Pulofesa Elizabeth Molyneux adagwira ntchito zaka zambiri ndi ana a khansa, komanso pa Kamuzu Central, ana ambiri achira n'kubwerera kusukulu. Neti yoteteza udzudzu nayo ili ndi gawo pa nkhondoyi.

Zimene tapindula

Wina angafunse kuti mabotolo a ku London ndi ku Baltimore amuthandiza chiyani mayi wosinja kondowole ku Usisya.

Tiyambe ndi poliyo. Jonas Salk atapanga katemera wake, padafunika njira yopimira ngati magazi a ana obayidwa ali ndi mphamvu yogonjetsa kachilomboko. Kachilombo ka poliyo kamapha maselo a HeLa mooneka bwino, choncho adali oyenera ntchitoyi. Akatswiri achikuda a pasukulu ya Tuskegee adaweta maselowa ochuluka zedi n'kumawatumiza m'malabotale, ndipo mu April 1955 katemerayo adalengezedwa kuti akugwira ntchito.

Nkhaniyi sidathere pomwepo. Mu February 2022 boma lidalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, woyamba m'dziko muno kuchokera mu 1992. Chimbudzi cha mwanayo chidapimidwa ku National Institute for Communicable Diseases ku Johannesburg, ndipo zotsatira zidatsimikizidwanso ku America. Malabotale a poliyo ovomerezedwa ndi bungwe la WHO amafufuza kachilomboka pokameretsa pa maselo a mitundu iwiri, ndipo umodzi, wotchedwa RD, udachokera ku khansa ya minofu ya mwana. Madontho aja alangizi a zaumoyo adayenda nawo khomo ndi khomo mpaka m'midzi ya kuno yofikika pabwato pokha, adabwera chifukwa cha yankho lomwe lidadutsa m'botolo la maselo a khansa.

Kenako khansa ya khomo la chiberekero. Harald zur Hausen wa ku Germany adapeza mitundu iwiri ya kachilombo ka HPV, nambala 16 ndi 18, m'zaka za 1983 ndi 1984, ndipo gulu lake lidapezanso HPV 18 m'maselo a HeLa. Zidadziwika tsopano chomwe chidapha Henrietta Lacks. Mitundu iwiriyi imayambitsa pafupifupi magawo 70 pa 100 a khansa imeneyi. Zur Hausen adalandira mphoto ya Nobel mu 2008, ndipo nzeru zake ndi zomwe zidatsegula njira ya katemera wa HPV.

Malawi ndi limodzi mwa maiko omwe khansayi yafala kwambiri padziko lonse. Chaka chilichonse amayi oposa 4,000 amapezeka nayo, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Katemera adayesedwa koyamba ku Rumphi ndi ku Zomba mu 2013, ndipo mu 2019 adayamba kuperekedwa m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Kusukulu kwathu ndaonapo atsikana akuthawira kutchire tsiku la katemera chifukwa makolo awauza kuti ndi wotseka mimba. Katemerayu satseka mimba, alibe kachilombo kamoyo, ndipo sapangidwa kuchokera ku maselo a khansa. Maselo adathandiza kudziwa mdani, basi.

Mankhwala ambiri a khansa amene odwala athu amalandira kudzera m'diripi amayamba ayesedwa pa maselo a m'botolo, kenako pa nyama, asadafike kwa munthu. Botolo silinena zonse, chifukwa thupi lili ndi chiwindi, impso ndi chitetezo zomwe m'botolo mulibe. Koma limathandiza kutaya msanga mankhwala opanda ntchito ndi apoizoni munthu asadawamwe.

Funso la chilolezo

Komabe amayi a kudooko ali ndi mfundo imene sitiyenera kuipeputsa. Henrietta Lacks sadapemphedwe. Banja lake lidadziwa za maselowo patapita zaka zoposa 20, pamene ofufuza adabwera kudzatenga magazi a ana ake. Makampani ankagulitsa HeLa n'kumapeza phindu pomwe ana akewo ankavutika kulipira chipatala. Mu 2013 akatswiri a ku Germany adafalitsa DNA yonse ya maselowa osafunsa banja, ndipo padachita kubuka mkangano kuti bungwe la boma la America loona za kafukufuku wa zaumoyo ligwirizane ndi banjalo zoti lizikhala ndi mawu pa ofuna kuigwiritsa ntchito. Mu 2021 bungwe la WHO lidapereka ulemu wapadera kwa mayiyu, ndipo mu 2023 kampani ya Thermo Fisher Scientific idagwirizana ndi banjalo kunja kwa khoti pa mlandu womwe lidasuma.

Lero zinthu zidasintha, ndipo m'Malawi muli malamulo. Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa kuchita kafukufuku wa zamankhwala kapena wa sayansi pa munthu popanda chilolezo chake. Kafukufuku aliyense wa zaumoyo amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga ya National Health Sciences Research Committee ku unduna wa zaumoyo kapena ya COMREC kusukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences. Kutumiza magazi kapena nyama kunja kwa dziko pa kafukufuku kumafunanso chikalata cha mgwirizano chonena komwe zikupita ndi ntchito yake.

Lamulo lolembedwa limagwira ntchito ngati mwini thupi akulidziwa. Munthu akakubweretserani pepala loti musaine kapena kudinda chala, muli ndi ufulu wofunsa kuti: kodi izi ndi za chithandizo changa kapena za kafukufuku? Zimene mutenge zipita kuti, ndipo zisungidwa nthawi yaitali bwanji? Dzina langa lionekera? Pepalalo akuwerengereni m'chiyankhulo chimene mumamva. Mukakana kafukufuku, chithandizo chanu sichiyenera kuchepa. Koma kukana kanyama kopimira matenda anu ndi nkhani ina, chifukwa popanda iko adokotala sangadziwe mankhwala okupatsani. Safunsa adadya phula, koma wothawa kupimidwa amataya miyezi yomwe khansa ikadachizika.

Kwa anamwino ndi madokotala pempho langa ndi laling'ono. Ndikudziwa mzere umakhala wautali. Koma mphindi ziwiri zouza mayi kuti kanyamaka tikaika m'mankhwala okapha, tikaunika, ndipo zotsatira mudzamva tsiku lakuti, zingabweze amayi ambiri amene amasowa pakati pa kupimidwa ndi kulandira chithandizo.

Tiyeneranso kufuna kuti ntchito yoweta maselo ikule m'dziko mwathu. Mitundu yambiri ya maselo imene dziko lapansi limayesera mankhwala idachokera kwa azungu ndi anthu a ku Asia, pomwe khansa ya kummero, ya Kaposi ndi ya khomo la chiberekero zikupha anthu kuno. Ana athu amene akuphunzira za labotale ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu akhoza kuigwira ntchitoyi atapatsidwa zipangizo, ndipo odwala angapereke chilolezo mosavuta kwa munthu wowafotokozera m'Chitonga, m'Chitumbuka kapena m'Chichewa.

Ilala idatulukira dzuwa litapendeka, n'kuima patali monga mwa masiku onse, mabwato ang'onoang'ono n'kubwera kudzatitenga. Azakhali adakwinya chitenje polowa m'madzi, n'kutembenuka.

"Ndiye ukuti kanga kaja kadafa kale?"

"Kadafa, azakhali. Kali m'phula, pashelefu, pali nambala yanu."

"Nanga mayi wa fodya uja, ana ake alipo?"

"Zidzukulu zake zilipo."

Zotsatira zidasonyeza kuti idali khansa, koma yongoyamba kumene. Adawachita opaleshoni yochotsa chiberekero, ndipo chaka chino alima chinangwa chawo okha. Mdzukulu wawo wa zaka 9 adamutengera okha kukabayitsa katemera, atayamba afunsa anamwino kuti m'botolomo muli chiyani.